Ng'oma ya M'chifuwa cha Timoteyo

Timoteyo anabwera ku Mchinji kuchokera ku Phalombe chaka chija anthu anavotera zipani zambiri, ali pamwamba pa lole ya eni esiteti pamodzi ndi matenanti anzake. Analima fodya cha ku Kachebere zaka zingapo, kenaka maso ake anagwera pa Esitele, namwali wa kwa Zulu woimba kwaya ku Guilleme. Anakwatira nakhala pachikamwini. Anamupatsa munda, anamanga nyumba kuseri kwa apongozi, ana anabadwa atatu, woyamba dzina lake Pemphero. Kulima ankalima, palibe akanamunena ulesi. Koma kuesiteti kuja anachokako ndi katundu mmodzi wosaoneka, njuga ya makhadi.

Masewera ake ndi osavuta, mwina n'chifukwa chake amamaliza anthu. Aliyense amatchula khadi lake, wogawa n'kumatembenuza limodzilimodzi, ndipo amene lake layamba kutuluka ndiye wadya. Timoteyo sankadziwerengera m'gulu la otchova njuga wamba, ayi. Iye anali ndi womuuza. Bambo ake, malemu, anali katswiri woimba ng'oma za tchopa kwawo, ndipo makhadi akayamba kutembenuzidwa, m'chifuwa mwa Timoteyo munkalira ng'oma. Iye ankadziwa ndi mtima wonse kuti awo ndi bambo ake akumuuza kuti khadi lili pafupi. Akadya, ankathokoza malemu. Akadyedwa, ankati wamva mochedwa. Malemuwo sanalakwepo.

Motero njinga inapita, wailesi inatsatira, mbuzi nayonso inakaona msika. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma munthu amene analima fodya zaka zonsezo mwambi umenewu unamudutsa. Chomaliza chinali thumba la mtedza wa mbewu, ndipo tsoka lake mtedzawo unali wa apongozi. Apo mpamene a Stefano, atsibweni a Esitele, anamuitana pansi pa mtengo wa mango.

"Ife sitikuthamangitsani," anatero a Stefano. "Lamulungu tikaweruka ku Misa tidzakhala pansi ndi ankhoswe, mwini wake Esitele adzanena. Akati mukhale, mukhala. Akati mupite, mudzatenge khasu lanu ndi zovala zanu. Za ana mukudziwa kale, ana ndi a mbumba ino."

Timoteyo anachita mantha enieni. Ku Phalombe analibe munda, analibe nyumba, ndipo ana ake sakanawaonanso akukula. Chomwe chinkamuopsa kwambiri chinali Esitele. Mkaziyo sankalalata, sankalira, sankamumana chakudya. Ankangoika mbale pansi n'kutuluka. Timoteyo anatsimikiza kuti mtima wa mkazi wake unauma kalekale, ndipo Lamulungu adzangonena mawu amodzi n'kubwerera kukasenda mtedza.

Mkati mwa sabata yomweyo kunamveka kuti kusukulu ya pulayimale kwabwera mayi wina wa ku Lilongwe, namwino, dzina lake Benedicta. Ankachita kafukufuku wa njuga m'midzi ya m'malire, kufuna kudziwa chimene chimakola ena n'kusiya ena, ndi mmene angawatchinjirizire amene sanakodwe. Ana anali patchuthi, ndiye anamubwereka kalasi. Tinene zoona, Timoteyo sanapiteko kuti akachire. Anamva kuti mayiyo ali ndi makhadi.

Anapeza mayi wamfupi, wa magalasi, atavala chitenje pamwamba pa diresi. Anamufunsa za kwawo, za kuesiteti, za mowa, za amene anamuphunzitsa.

"Munayamba muli kutali ndi abale, eti? Nyengo ija matenanti amalandira za chaka chonse pakamodzi?"

"Eya, amayi."

"Ndipo tsiku loyamba munadya kwambiri."

Timoteyo anawayang'ana kukamwa kuli yasa. "Wakuuzani ndani?"

"Palibe. Ndafunsa anthu ambiri kuyambira ku Mkanda mpaka kuno, ndipo ochuluka mwa amene anakodwa zedi anayamba choncho. Amene anadyedwa tsiku loyamba ambiri anathawa, ali ndi njinga zawo mpaka lero."

Zinamudabwitsa kuti moyo wake, umene ankauyesa wakewake, anthu ena anauyenda kale mphondero zomwezo. Mwina n'chifukwa chake anaulula chimene sanauzepo munthu, ngakhale bambo mfumu, za ng'oma ya malemu bambo ake. Anadikira kuti mayiyo aseke. Sanaseke. Anatsegula chikwama natulutsa chipangizo chija madokotala amakoloweka m'khosi, chomvera m'chifuwa.

"Tchulani khadi lanu," anatero Benedicta. "Tibetcherana maso a chimanga awa, palibe cholowa m'thumba la munthu."

"Seveni wofiira."

Mayiyo anatembenuka kukakonza makhadi patebulo la aphunzitsi, kenaka anabwera. Timoteyo anakweza malaya kudikira kupimidwa monga amachitira kuchipatala. Koma Benedicta anachita chimene dokotala sanamuchitirepo. Timapaipi ta chipangizocho anatilowetsa m'makutu a Timoteyo yemweyo, n'kumugwiritsa kachitsulo kozizira pachifuwa pake.

Dziko lonse linatseka pakamwa. Mbuzi zimene zinkalira panja, mphepo ya pamalata, zonse zinapita kutali. M'malo mwake munamveka chinthu chachikulu, chakuya, chosafulumira: du-du, du-du, du-du. Timoteyo anagwira mpweya. Zaka zonsezi chinthu chimenechi chinali m'kati mwake, chikugwira ntchito iye ali mtulo, ali kumunda, ali pa lole ija yochokera ku Phalombe, osapuma, osalipidwa, osafunsa. Anamva ulemu wonga umene amaumva belu likalira pa Misa anthu onse atagwada.

"Mtima umenewu ndi wanga?" ananong'ona.

"Ndi wanu. Musachotse. Yang'anani kuno."

Benedicta anatembenuza khadi loyamba. Mtima unadumpha. Lachiwiri, unayamba kuthamanga. Lachitatu linali sikisi wofiira, pafupi penipeni, ndipo m'makutu mwake munasanduka bwalo la tchopa, ng'oma zonse zikulira pamodzi. Anaidziwa. Inali yomweyo, ng'oma ya bambo ake, koma lero ankaimva poyera ngati waima pambali pa woimbayo. Thukuta linatsika m'khwapa. Likubwera, likubwera, ndi lotsatirali! Makhadi anapitirira kugwa, ng'oma osaleka, mpaka m'manja mwa mayiyo munatsala mbee.

Seveni wofiira sanatuluke. Benedicta anapita patebulo paja, nanyamula dasitala. Pansi pake panali maseveni ofiira onse awiri.

"Mundikhululukire, ndinawachotsa tisanayambe," anatero mofatsa. "Za bambo anu ine sindinganene, sindinawadziwe. Koma ng'omayi ndaimva m'zifuwa za anthu ambiri. Imalira khadi lilipo, imalira khadi palibe. Imalira kwambiri mukaphonya pang'ono, ndipo ndi pamenepo munthu amabetchanso. N'chifukwa chake timawauza anthu kuti tsiku logulitsa mbewu asapite okha kumsika, ndipo asadzere njira ya pamakhadi n'komwe, chifukwa ikayamba kulira munthu samvanso za wina."

Timoteyo anasiya kachitsulo pachifuwa pomwepo. Mtima unkabwerera pang'onopang'ono m'mayendedwe ake. Anamva chisoni, chifukwa kunali ngati bambo ake amwaliranso kachiwiri. Koma kudabwa kunaposa chisonicho. Chinthu chokhulupirika chotere, chomusunga ndi moyo, n'kukhalanso chomunamiza chifukwa cha maso a chimanga!

Chitseko chinalira. Pakhomo panaima Esitele, khasu lili m'manja, matope a kudimba ali m'miyendo. Luwiza, mnansi wawo amene nkhani simugonera m'mimba, anali atamuthamangira kukamuuza kuti amuna ake ali pamakhadi kusukulu, masana dzuwa likuswa mtengo. Esitele anayang'ana makhadi ali mbwee pa desiki, anayang'ana mwamuna wake. Nkhope yake sinasinthe. Timoteyo anadziwa kuti za Lamulungu zathera pomwepo.

"Mayi a Pemphero, si zimene mukuganiza," anayamba Timoteyo.

Benedicta anafotokoza zonse, za kafukufuku, za chimanga, za maseveni obisidwa. Esitele anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anatsamiritsa khasu kukhoma, nayenda mpaka pamene panakhala mwamuna wake.

"Ndiye mwaumva wanu," anatero.

"Ndaumva."

Esitele anamulanda kachitsulo kaja m'manja, timapaipi tili m'makutu a Timoteyo momwemo. Anakhala pa benchi, nakalowetsa pansi pa bulauzi yake.

"Amayi, tolani makhadiwo," anauza Benedicta. "Musagawe. Ingowasakanizani mmene amachitira anthu awa."

Poyamba Timoteyo anamva mtima wina, wopepukirapo kuposa wake, woyenda mwaulemu. Anachita manyazi, ngati walowa kuchipinda cha eni osaodira. Zaka zonse anagona pambali pa mkazi ameneyu, koma kuno anali asanafikeko. Kenaka makhadi analira m'manja mwa Benedicta, phrrr, ndipo mtima uja unalumpha ngati nkhuku yogwidwa miyendo. Unathamanga, unapunthwa, unathamanganso, kuposa mmene wake unachitira pa sikisi wofiira. Anakweza maso. Nkhope ya Esitele inali yomwe ija ya masiku onse, yosalala, yosanena kanthu, nkhope yoika mbale pansi n'kutuluka. Anayang'ana nkhopeyo, anamvera za m'makutu, ndipo sanathe kuzigwirizanitsa.

"Umachita chonchi kuyambira liti?"

"Kuyambira njinga," anayankha Esitele. "Mukachedwa kumsika. Mukavala malaya oyera pakati pa sabata. Ana akamasewera ndi zikhatoni za ndudu pakhonde. Inu umakuuzani kuti mudya. Ine umandiuza kuti tadyedwa, ndipo wanga sunanamepo."

Benedicta anaika makhadi pansi mwakachetechete, nayang'ana kuwindo. Timoteyo anafuna kulonjeza, koma malonjezo ake anali atatha ntchito ngati ndalama zakale. Misozi inatsika osaipukuta.

"Ngati zili choncho, Lamulungu mukanene kuti ndipite," anatero. "Mwina ungapume."

Esitele sanachotse kachitsulo kaja. Anakakanikiza kwambiri, kuti mwamunayo amve bwino zimene mawu amenewo achita m'kati.

"Mukuganiza kuti sindinaziganizire zimenezo? Mukapita ku Phalombe, makhadi aliko. Ndidzakhala kuno ndikudziwa kuti mwakhala pansi penapake, ndipo palibe Luwiza wodzandiuza, palibe woti akakutengeni. Pamenepo ndiye sudzapumanso mpaka kumanda." Anapumira m'mwamba. "Lamulungu ndikanena kuti mukhale. Koma kumsika tizipita awiri, ndipo mtedza wa amayi mukaulima ndi manja anuwa. Tsiku limene mudzakhalenso pamakhadi, mudzakhalepo mukudziwa chimene mukumenya."

Timoteyo anagwira dzanja la mkazi wake pamene linagwira kachitsulo, napempha Benedicta ndi maso kuti asawafulumize. Anakhala choncho m'kalasi ya ana, akumvetsera, kudikira kuti mtima wa Esitele utsike. Unatenga nthawi yaitali kwambiri.