Mayankho a m'Mashopu

Evelesi ankasoka pa khonde la shopu ya nsalu ya a Suresh ku Area 2. Pamenepo anakhalapo zaka khumi ndi zinayi, mpaka msana unayamba kupindika. Chimene ankalakalaka pa dziko lino chinali chimodzi: mwana wake Lonely akhoze mayeso a Sitandade 8, asankhidwire ku sekondale, asadzakalambire pa khonde ngati amake. Iye mwini analekezera sukulu Sitandade 4 kwawo ku Nathenje, choncho homuweki ya mwanayo kwa iye inali mdima wokhawokha.

Koma mayi wa m'tauni sagwira njakata nthawi yaitali. Evelesi anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga lakelo anasenzetsa msewu wonse. Lonely akaweruka n'kufika pa khonde, amake ankatenga makope n'kuyamba ulendo. Masamu ankapita nawo kwa a Suresh, amene ankangodina kakyuleta foni ili kukhutu, n'kulemba yankho kuseri kwa lisiti. Chingerezi chinali cha bambo wina wotaipa makalata pafupi ndi msika. Sayansi inkapita kwa mtsikana wogulitsa mankhwala kutsidya kwa msewu. Onsewo ankawathokoza ndi singano: uyu kumupindira thalauza, uyo kumuikira zipi. Lonely yake inali kukopera basi. Dzanja anali nalo mwanayo, zilembo zoongoka ngati msoko wa amake.

Nanga m'kalasi ya ana oposa zana, mphunzitsi angafunse nthawi yanji kuti yankho lachokera kuti? Ankangochonga. Evelesi mawu a m'kopemo sankawamva, koma cholembera chofiira ankachidziwa bwino. Makasitomala anatopa nako kuonetsedwa makope. Mayeso a pa teremu akabwera oipa, iye ankati ndi mantha chabe, mwanayo anatengera bambo ake malemu.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti mayeso ayambe, kunabwera mayi Consolata a ku Area 9, mphunzitsi wopuma pantchito, kudzayesa diresi ya ku ukwati. Evelesi, mwa chizolowezi chake, anawapatsa kope la masamu asanawapatse n'komwe mpando.

Mayi aja anatsegula masamba pang'onopang'ono, magalasi ali pamphuno.

"Mayankho ndi okhoza onse," anatero. "Koma njira yake ili kuti? Tabwera kuno, mwanawe. Tandionetsa m'mene unapezera iyi."

Lonely anayang'ana samuyo ngati mlendo wosochera, chonsecho anailemba yekha dzulo lake. Anayang'ana amake. Kenako anazyolika.

Mayi Consolata anayesa ina, n'kuyesanso ina. Anatembenukira ku Chingerezi, namuuza kuti afotokoze m'Chichewa ndime imene anakopera bwinobwino ija. Mwana analephera, misozi ili lengelenge.

"Amake Lonely, akumuthandiza ndani mwanayu?"

Evelesi anawatchula onse amene anakhala akumuthandiza zaka zitatu zapitazo, mmodzimmodzi, ndipo mawu ake ankachepa dzina lililonse likamatuluka.

"Akakupatsani mayankho, amamufotokozera?"

"Anthu otanganidwa aja, aphunzitsi? Mwana amatsala pano kundilonderera makina."

Mayi aja anapumira m'mwamba. Anabwerera ku samu yoyamba ija n'kuiwerenga m'Chichewa, kuti mwina mwana angatolepo kanthu: munthu ali ndi nsalu ya mamita thwelofu, waidula patatu mofanana, wagulitsa gawo limodzi, yatsala yaitali bwanji?

"Si mamita eyiti?" Evelesi anayankha asanaganize n'komwe.

Mayi Consolata anavula magalasi.

"Mwaonatu. Samu iyi mumaichita tsiku lililonse ndi tepi yanuyo. Mukanangomuuza kuti akuwerengereni, n'kumuonetsa pansalu. Mphunzitsi wake anali pompano."

Mawu amenewo anamulasa Evelesi kuposa chitonzo chilichonse chimene anamvapo pa khonde. Zaka zitatu akuzungulira m'mashopu, kugwadira anthu, kusoka zaulere, osadziwa kuti akumumana mwana wake maphunziro ndi manja ake omwe. Anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha.

"Simungamuthandizeko masiku atsalawa? Diresiyi ndikusokerani ulere, ndi ina yomwe."

"Ndinyamuka mawa kupita ku Mzuzu, ku ukwati kuja. Koma ngakhale ndikanakhalapo, mayi, ndisakunamizeni. Za zaka zitatu sizilowa m'mutu masiku naini. Abwereze kalasi."

Koma Lonely anali atabwereza kale Sitandade 6, zaka zinali zitakwana fifitini, ndipo anzake onse a m'kalasi ankamulekeza m'mapewa. Chaka chathachi Evelesi anachita kumunyengerera kuti abwerere kusukulu.

Mayi aja atapita, Evelesi anasuntha nsalu za makasitomala, natenga tepi ndi choko.

"Khala apa. Werenga ina, tiyese."

Lonely anatsegula tsamba lotsatira. Linali la makona ndi madigiri, zinthu zimene sizipezeka pansalu. Anawerenga mokakamira, mawu achingerezi akumukola pakhosi, ndipo onse awiri anangoti kakasi. Minibasi zinkaitanira za ku Kawale. A Suresh ankakangana ndi munthu pafoni.

"Unkadziwa kuti sukumva?" anafunsa Evelesi.

"Ee."

"Nanga osanena bwanji?"

Lonely anatseka kope mwaulemu n'kuliika pansi pa mpando.

"Munkasangalala, amayi."