Sokosi Kudzanja la Bambo

Ine sindine wolankhulalankhula. Ngakhale kusukulu, aphunzitsi ankachita kuiwala kuti ndilipo. Koma nditangolemba mayeso omaliza a sekondale, bambo anadwala sitiroko, ndipo poti amayi amakhala kuntchito, wowaperekeza kuchipatala ndinali ine.

Dzanja lawo lamanja linafooka. Zala zinkangogwedera pang'ono.

Tsiku lina adokotala a mafizo anandifunsa kuti, “Kunyumba amawaveka malaya ndani?”

“Ine.”

“Nanga kapu amawagwirira ndani?”

“Azakhali.”

Adokotala anapukusa mutu. “Mumawakonda, koma dzanjali mukuligonetsa tulo.”

Anatifotokozera kuti akatswiri anachita kafukufuku pa odwala sitiroko ambirimbiri. Anapeza kuti ngati zala zikugwederabe, kuphimba dzanja labwino kwa nthawi ndithu tsiku lililonse kuti lodwalalo lizigwira ntchito kumathandiza ambiri. “Si onse, ndipo sindikulonjeza zozizwitsa,” anatero. “Koma mukapitiriza kuwachitira zonse, dzanjali lidzaiwaliratu ntchito. Muzichita atakhala pansi, osati akuyenda. Bambo, tiyese?”

Bambo anagwedeza mutu kuvomera.

Kunyumba tinalibe gulovu, ndiye m'mawa mwake ndinawaveka sokosi yochapa bwino kudzanja lamanzere. Ndinaika tiyi wofunda patebulo, kumanja kwawo. Kunena zoona, ndinkapemphera kuti azakhali achedwe.

Sanachedwe.

“Mayo ine! Achimwene anga mwawasandutsa chidole?” Anaponya chikwama pampando. “Iwe mwana, kusukulu anakuphunzitsa kuzunza makolo?”

“Ndi adokotala, azakhali. Akuti kafukufuku...”

“Kafukufukuyo ndi m'bale wako? Wabwerapo kuno kudzawasambitsa? Munthu watsala ndi dzanja limodzi, iwe n'kulimanganso!”

Anawerama kuti aivule. Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu, koma ndinangoona dzanja langa lili pamwamba pa sokosiyo. Chibadwire ndinali ndisanawatsutsepo azakhali.

“Pepani, azakhali, isiyeni,” ndinatero, maso ali pansi. “Tikawamvera chisoni lero, tidzawamwetsa mpaka kalekale.”

Kenako bambo analankhula, lilime likulemera monga limachitira masiku ano.

“Achemwali... khalani pansi.”

Azakhali anakhala, atakwinya nkhope.

Bambo anayang'anitsitsa kapuyo ngati mdani. Dzanja linayenda mokwawa patebulo, zala zinatseguka, n'kuphonya. Zinatsegukanso. Ine ndinakhalira manja anga kuti asathamangire kukathandiza, chifukwa ankandiyabwa kwambiri. Bambo thukuta linawatuluka pamphumi. Kapu itanyamuka inanjenjemera, tiyi n'kukhavukira pathalauza, wina pansi.

“Mwaona?” anatero azakhali, koma mawu anali atatsika.

Bambo anaweramitsa mutu kuti akumane ndi kapuyo panjira, ndipo inafika pakamwa itatsala ndi tiyi wongonyowetsa milomo. Anamwa womwewo. Poibweza inagunda tebulo mwaphokoso, koma sinagwe.

Anapuma kwa kanthawi, kenako anati, “Thirani wina.”

Ndinati ndinyamuke, koma azakhali anali atafika kale pa ketulo. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, n'kuthira tiyi mpaka theka chabe.

“Wodzaza ayi,” anatero osandiyang'ana. “Wochapa thalauzali ndine. Iwe sendeza kapuyo kwa bambo ako pang'ono, yawatalikira.”