Ngwazi Yodziwa Kukazinga

Zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, pa depoti ya basi, ndinalonjeza achemwali anga chinthu chimodzi. Anali atandisenzera chikwama kuchokera kunyumba, ndipo malaya anga atsopano anali atatenga kale fungo la mafuta a m'manja mwawo. Anati wailesi sakuifuna, nsapato za kunjako sakuzifunanso. Anati ndikadzaphunzira Chingerezi chonsecho n'kubwera nacho, munthu akadzawaseka ine ndili pomwepo, ndidzawayankhulire. Ndinalumbira dzanja lili pamtima, basi italira kale.

Achemwali anasiya sukulu atangodziwa kulemba dzina lawo, kuti ine ndidzaphunzire. Ankakazinga tchipisi ndi mazira pa chiwaya m'mbali mwa msewu. Chiwayacho ndi chimene chinandikweza basi ija, kenako ndege.

Ndinabwerako chaka chatha ndi masutikesi awiri, imodzi ya mabuku okhaokha. Mtengo wa pamphambano pathu anaudula, pali shopu ya mafoni. Holo imene tinkaoneramo mafilimu a anthu ouluka atamanga nsalu m'khosi anaisandutsa tchalitchi. Achemwali okha ndi amene sanasinthe, kungoti chiwaya chawo chinasendera pageti la sukulu yapulaiveti, kumene ine ndinapeza ntchito yophunzitsa Chingerezi.

Mwini sukuluyo ndi bambo wokonda mataye, ndipo amanyadira kuuza makolo kuti ali ndi mphunzitsi wochokera kunja. Tsiku loyamba anandikokera pawindo la ofesi yake n'kundilozera utsi wa pageti. Anati mayi wa mafutayo akumuipitsira malo, tsiku lina adzamuchotsa. Ine ndinkangoyang'ana tayi yake. Inali ya timadontho.

Mwana wa achemwali, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, analowa m'kalasi mwanga pa malo aulere amene mphunzitsi aliyense amapatsidwa. Ku ofesi ndinanena kuti ndi mwana wa m'dera lathu amene ndinamumvera chisoni. Iye ndinamuuza kuti mkati mwa geti ine si malume ake, ndine aphunzitsi. Anati wamva. Anzake amamutcha Pensulo chifukwa ndi wamtali, wowonda. Onse amadziwa kuti ndi mwana wa Mayi Mafuta. Za ine palibe amene amadziwa. M'mawa ndimadutsa pachiwaya maso ali pa foni, achemwali n'kupereka moni kwa aphunzitsi monga amachitira kwa aliyense wovala jekete.

Buku lathu la Chingerezi linalembedwa kudziko kozizira, ndipo phunziro lachisanu ndi chinayi limauza ana kuti apange ngwazi yawoyawo: dzina lake, chovala chake, mphamvu yake ndi mdani wake. Ndinawapatsa mlungu umodzi.

Tsiku lowerenga, mwini sukulu anabwera ndi makolo awiri amene ankafuna kuona ngati angabweretse ana awo. Anakhala kumbuyo pa mipando ya ana, mawondo m'mwamba. Ana anawerenga mmodzimmodzi. Wina anapanga ngwazi yoyatsa magetsi pongotsokomola. Wina yake imasowa pamaso pa anthu tsiku lotuluka zotsatira za mayeso. Mtsikana wina anati yake imamva miseche kudutsa nyumba zitatu, anzake n'kumuuza kuti asanamize anthu, amenewo ndi azakhali ake. Makolo aja ankamwetulira. Zinthu zinkayenda bwino.

Kenako anaimirira Pensulo, pepala m'manja, nawerenga.

"My hero can fry."

Lilime lathu silisiyanitsa l ndi r. Fly ndi kuuluka, fry ndi kukazinga, ndipo ndinali nditatha miyezi ndikulimbana ndi ana amenewa pa zilembo ziwirizi. Inenso kunja kuja anandiseka nazo zaka zitatu, mpaka ndinkaima pagalasi la kubafa kuyang'ana kumene lilime likupita. Choncho kalasi yonse inadziwa pomwepo poseka.

Mwana wa loya, amene amakhala kutsogolo ndipo amayankhula asanakweze dzanja, anatembenuka.

"Aphunzitsi, ngwazi yakeyo ikuuluka kapena ikukazinga? Chifukwa ngati ikukazinga, ili pageti apo, tikhoza kuiitana."

Wina anawonjezera kuti chovala chake ndi epuloni. Wina anati mdani wake ndi sopo. Mwini sukulu anatulutsa kansalu n'kusekeramo.

Pensulo anadikira phokoso lichepe n'kupitiriza kuwerenga, pang'onopang'ono, m'Chingerezi chosalakwika. Anati ngwazi yake siimva moto. Imatha kutola tchipisi m'mafuta owira ndi zala. Ili ndi zipsera zoyera kuyambira pachigongono kufika padzanja, ndipo inazipeza kalekale, tsiku limene chiwaya chinapendekeka mwana wamng'ono atakhala pansi pake. Ngwaziyo inagwira chiwayacho ndi manja awiri mpaka mwanayo atakwawira kutali. Anati mwanayo anakula, ndipo iyeyo ndi amene anauluka. Pa mawu omalizawa ananena fly, l yake yomveka bwino, mmene ndinamuphunzitsira.

Mwana uja ndinali ine. Ndinali ndi zaka zinayi. Ndimakumbukira phokoso la mafuta, ndi achemwali akundiuza mosakuwa kuti ndichoke.

Ana ambiri sanamvetsere mbali imeneyi, anali akusekabe za sopo. Mmodzi wa makolo aja anayang'ana wotchi. Mwini sukulu anapinda kansalu kake n'kundikodola ndi chala.

"Aphunzitsi, muthandizeni mwanayu, wasokoneza chilembo."

"Sindinasokoneze," anatero Pensulo. Sanayang'ane mwini sukulu, anayang'ana ine.

Pawindo pankaoneka geti, ndi utsi, ndi msana wa achemwali atawerama pachiwaya. Anali akutembenuza tchipisi za ana amenewa, chifukwa belu lopumira linali pafupi. Choko chinali chitandiumitsa zala. Fani ya kudenga inkazungulira osabweretsa mphepo iliyonse. Ndinaganiza za mabuku a m'sutikesi muja, ambiri a iwo onena za anthu olimba mtima, ena ndinawawerenga kawiri.

Ndinapita pamene anaima mwana wa achemwali n'kumulanda pepala. Ndinatulutsa cholembera chofiira m'thumba la jekete, ndinadula r, n'kulemba l pamwamba pake. Kenako ndinalemba fly pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuuza kalasi kuti inene pambuyo panga. Ananena katatu, ana makumi atatu, bwinobwino. Makolo aja anagwedeza mitu mokhutira. Pensulo anatenga pepala lake, analipinda kanayi, nakakhala pansi.

Belu linalira, ana n'kuthamangira kugeti. Achemwali anasekedwa ine ndili pomwepo, ndipo sindinawayankhulire.