Miyendo ya Chikhatho

Chikhatho anali atalondera golo la timu yake zaka khumi ndi zitatu pamene kochi anamuitanira pambali.

"Mphamvu muli nazo, mkulu," anatero kochiyo, "koma zimadzuka mochedwa. Mpira ukamagwedeza ukonde m'pamene inu mukunyamuka. Ndakupatsani miyezi iwiri."

Tsiku lomwelo Chikhatho anapita kwa mlamu wake, mayi wophunzitsa anthu kunyamula zitsulo m'chipinda china pamwamba pa sitolo ya matayala. Munkanunkha thukuta ndi labala, fani imodzi ikuzungulira ngati aikakamiza.

"Alamu, inu mumanyamula ngati ng'ombe yapangolo," anatero mayiyo atamuyesa. "Komatu pagolo pamafunika mphaka. Zolemerazi tichepetsa, muyambe kudumpha."

Anamupaka choko kuzala, namuuza kuti adumphe akhudze khoma. Panatsala kachizindikiro koyera. Ntchito inayambika. Lolemba ndi Lachinayi, miyendo isanatope, ankadumphira pabokosi lathabwa kasanu, kupuma, kasanunso. Ankamenyetsa pansi mpira wolemera ndi mphamvu zake zonse. Akatero ankanjuta chitsulo chili paphewa, kutsika pang'onopang'ono, n'kudzuka ngati wakhalira khala lamoto.

"Musatere ngati thumba la simenti!" ankakuwa mlamu wakeyo. "Fewetsani maondo!"

Chikhatho sanajombepo. Bondo lamanzere likatupa, mkazi wake ankalithowa ndi madzi otentha.

Patatha masabata asanu ndi limodzi mlamu wake uja anamuyesanso. Zala zinagwera pomwe paja. Atadumpha kachiwiri, zinatsikirako.

"Mwina mwatopa lero," anatero mayi uja.

"Alamu, musandinyengerere ngati mwana. Nenani."

Mayiyo anapukuta choko m'manja nthawi yaitali. "Mukanabwera zaka zisanu zapitazo. Pamsinkhu uwu liwiro ndi limene limayamba kutsanzika. Kuchedwetsa kuchoka kwake tingathe, koma kulibweza..."

Masabata awiri otsalawo Chikhatho anapitabe, poti analibe kwina kopita. Ankadumpha, kutsika, kudumphanso, koma mumtima akudziwa kuti akutungira madzi m'dengu.

Pa masewero oyeserera kochi anamuika pagolo. Wosewera wina anamenya mpira kukona yakumanja. Chikhatho anauona usanachoke n'kuphazi komwe, anadziwa kumene ukupita, m'maganizo anali ataugwira kale. Koma miyendo inamva uthengawo mochedwa, ndipo anagwa chammbali atafumbata mphepo. Zinachitikanso kawiri. Anzake sanamukalipire, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri.

Atamaliza, kochi anamupatsa moni wa manja awiri, maso ali pansi.

Chikhatho anabwerera kunyumba wapansi, chikwama chili kumsana. Pafupi ndi kwawo panali ngalande imene anthu ankangoidumpha. Anaima m'mphepete mwake, nayang'ana tsidya linalo, kenako anazungulira kukawolokera pathabwa limene amadutsapo okalamba.

Mkazi wake anali akuyanika zovala panja. Anamuyang'ana kumaso kamodzi kokha, n'kupitiriza kufinya malaya amene anali ataafinya kale.