Nkhope ya Che Idi pakhoma la barbershop

"Iwe Trevor, wapenga eti? Pakati pa Sankara ndi Chilembwe uikepo mdala wogulitsa makala?"

Akukuwayo ndi Collins, mnzanga amene tinatsegula naye barbershop pa Nsungwi. Khoma lathu ndi la ma hero, panatsala space imodzi. Iye amafuna general wina wa pa YouTube. Koma ine ndinali nditamuitana kale Ashraf wolemba ma signpost, moti chipumi ndi maso a Che Idi, mdala wa makalayo, zinali zitatha.

"Aise, iwe sunawametepo," ndinamuuza.

Ine ndinawameta last week. Mashini itafika kuseri kwa khutu inagunda chinthu cholimba ngati msomali m'thabwa. Ine kudzidzimuka, iwo phee. "Pamenepo pita pang'onopang'ono mwanangu, pali kachitsulo ka ku Mozambique."

Guys. Mdala amene timamunena kuti makala ake ndi onyowa uja anali msilikali, ankaperekeza sitima pa njanji ya Nacala nthawi ya nkhondo. Akuti kutsogolo kwa injini ankaikako ngolo ya mchenga kuti bomba liyambe laphulitsa imeneyo. Pangolopo pamafunika munthu, maso panjanji. Iwo ankakhala pamenepo. Ankafotokoza ngati akunena za mvula ya dzulo, ine kutengeka ndi nkhaniyo mpaka ndinawadula line yokhota. Ma hero onse a pa wallpaper yanga, palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamugwirapo mutu.

Collins asanamalize kukuwa, Che Idi anatulukira, njinga ya makala kuitsamiritsa panja. Akuti abwera ndiwakonze line ija. Anavula kofia, kenako anaona khoma. Anayang'anizana ndi maso awo omwe kanthawi ndithu.

"Ameneyu ndani?"

"Ndinu bambo. Hero wathu."

"Wamva?" anaseka Collins. "Eni ake omwe sakudzidziwa."

Iwo anatembenukira kwa wojambula. "Iwe Ashraf, mwana wa Che Tahir, ku madrasa anakuphunzitsa kuika nkhope za anthu pamakoma?"

Ashraf burashi pansi.

"Bambo please," ndinachonderera, "ana a kuno adziwe. Munkakhala kutsogolo kwa sitima inu!"

"Tinkakhalapo awiri. Mnzanga Jeremiah ndi amene anaona waya wa bomba, n'kundikankhira kunja. Ine ndinatengako kachitsulo kamodzi. Zotsalazo anatenga iye."

Collins yemweyo anazimitsa speaker.

"Ndiye tijambule a Jeremiah," anatero, mawu atatsika. "Muli ndi chithunzi chawo bambo?"

Che Idi anavala kofia.

"Chithunzi chake ndi chimene mnzakoyu anagunda ndi mashini kuseri kwa khutu chija. Fufutani."

Anatuluka, line ikadali yokhota.