Nyongolotsi za M'dothi la Alamu

Anamphuno sankagwira dothi osalinunkhiza. Ngakhale la mumphika wa maluwa pakhomo pa eni, ankalitsina, kulifikisa ndi zala, n'kuliyandikiza kumphuno. Dzinalo linachokera pomwepo.

M'mawa umenewo dothi silinkamvekanso dizilo. Koma m'mabotolo a patebulo pake nyongolotsi zinali zitatulukira pamwamba, zitauma ngati timitengo. Nyemba zimene anadzala m'dothi lomwelo zinatulutsa timizu takuda topiringizika.

Dothilo linachokera kuseri kwa sukulu, kumene thanki ya mafuta inadontha. Kampani ya alamu ake ndiyo inkaliyeretsa: kuthira manyowa, kuthirira ndi kutembenuza, kuti tizilombo ta m'nthaka tidye mafutawo. Anamphuno ndiye ankaliyesa ngati layera. Lolemba oyendera aboma ankayembekezeka kubwera, ndipo malowo akanabwezedwa kusukulu kuti ana alimepo dimba.

Alamu analowa akuseweretsa makiyi a galimoto.

"Ziweto zanu zadzuka bwanji, mlamu?"

"Zafa."

"Zonse?"

"Kupatula za m'dothi labwino loyerekezera lija. Izo zikunenepa."

Alamu anaseka, koma makiyi anasiya kulira. "Makina akuti mafuta atsika. Inu mukukhulupirira nyambo ya nsomba?"

"Atsika, inde. Koma mafuta akamasweka amasiya zina zoluma. Dothili likufuna miyezi ina, alamu."

"Miyezi! Thalakitala yotembenuzira ndabweza kale. Dzazani manyowa m'mabotolomo, dothi pang'ono chabe, muikemo nyongolotsi zina. Oyenderawo azipeza zikuvina."

"Ndiye ana azikumba m'menemo ndi manja?"

"Mwakwera pamsana pa njovu, mwayamba kunena kuti kunja kulibe mame eti? Ntchito ndinakupezerani ndine. Mukugona m'nyumba mwanga." Anatuluka osatseka chitseko.

Madzulo akulu ake a Anamphuno, akazi a alamuwo, anamupeza kuchipinda. Anakhala pa bedi, manja pamaondo.

"Iwe, alamu ako andiimbira. Ndi nyongolotsi chabe! Ukufuna banja langa lithe chifukwa cha nyongolotsi?"

"Achemwali, chitsiriza wanu amaphunzira kuti?"

Akuluwo anayang'ana kuzenera. Anamphuno anapitiriza.

"Kalasi yake ndiyo ayipatsa dimbalo. Wandipempha kale kakhasu. Ndipo mukumudziwa, amadya chilichonse osasamba m'manja."

Panja mwanayo ankakangana ndi mnzake za mpira. Akuluwo anamvetsera kanthawi, kenako anadzuka n'kutuluka. Anamphuno anaganiza kuti apita kukaimba foni. Koma anabwera ndi chikwama chachikulu cha paulendo, n'kuyamba kumupindira madiresi okha, mofulumira, osamuyang'ana.

"Ukagone kwa mnzako uja," anatero. "Akabwera, muno simukhala bwino."

"Ndiye mukundithamangitsa?"

"Ndikukuchotsa panjira ya moto." Anakoka zipi mwamphamvu mpaka inatseka. "Usadikire Lolemba. Kwa oyenderawo upite mawa, akangotsegula. Za muno undisiyire ine."

Anamphuno ananyamula chikwamacho n'kutulukira khomo la kukhitchini.