Siponji ya M'mbali mwa Mawindo

Agnes anali wa ku Ntcheu, koma anakwatiwa ku Misuku ndi Dickson Msukwa, dalaivala wa lole yonyamula khofi. Dickson anali atasiyana ndi mkazi wake woyamba, Loveness, zaka zitatu m'mbuyomo. Nyumba yawo yatsopano analowamo isanathe. Mafelemu a mawindo anali ataikidwa kale, koma pakati pa felemu ndi njerwa panali mipata yolowa zala zinayi. Mu Juni mphepo ya kumapiri inkadutsa pamenepo, ndipo khoma la kuchipinda linayamba kuda ndi chinyezi. Agnes anali woyembekezera, ndipo chifuwa sichinkamuchoka.

Dickson asananyamuke kupita ku Mzuzu anapeza mmisiri woti atseke mipatayo. Agnes anangodziwa m'mawa umene munthuyo anafika kuti ndi Safeli, mchimwene wake wa Loveness.

"Mwawuka uli, mama?" Safeli anapereka moni m'Chitumbuka akutsitsa chikwama panjinga.

"Tawuka makora," anayankha Agnes, maso ali pachikwamacho.

Safeli anasefa mchenga, anakanda simenti, n'kuwaza madzi panjerwa za windo la pabalaza. Agnes ankasenda mbatata pakhonde, koma ntchito yonseyo ankaiona. Anamuona akutulutsa m'chikwama tinthu tatitali tokulunga m'pulasitiki yakuda, n'kutikankhira mumpata ndi kamtengo. Kenako anacheuka uku ndi uku, n'kumatapo simenti mofulumira. Pawindo lachiwiri anachitanso chimodzimodzi.

Agnes anakumbukira zimene mayi wina anamuuza kumsika, kuti Loveness ananenapo kuti nyumba imeneyi palibe adzagonemo mwamtendere. Safeli atafika pawindo la kuchipinda, Agnes anasiya mpeni.

"A Safeli, mukuikamo chiyani umu?"

"Siponji, mama."

"Nanga mumacheukiranji musanamate?"

"Nkhuku zanu zikupalasa mchenga wanga."

"Gumulani lija mwamata kale ndione."

Safeli anapita pabalaza, anagwetsa ndi chipande chake chomatira simenti yonse yomwe inali isanaume, n'kusolola chokulungacho. Agnes anachimasula yekha. Munalidi siponji yachikasu, yakale, yodulidwa motalika. Anaifinya, anainunkhiza, anaing'amba pakati. Sanapezemo kanthu.

"Simenti yokha imasiyana ndi chitsulo ikauma," anatero Safeli. "Pamatsala kamng'alu, mphepo n'kumalowabe. Siponjiyi imatseka mphepo, pulasitiki imaletsa siponji kumwa madzi. Anandiphunzitsa fundi, mmisiri wina wa zomangamanga ku Mbeya."

Agnes anachita manyazi, ndipo anatsala pang'ono kupepesa. Koma pasiponjipo panali patakanirira kansalu ka maluwa ofiira.

"Iyi ndi matiresi. Inali ya ndani?"

Safeli anapukuta chipande ndi udzu. "Ya mlongo wanga. Anaitaya kuseri kwa nyumba."

"Imene ankagonera ali kwa a Msukwa?"

"Mwina ndi yomweyo. Iye sakudziwa kuti ndatenga."

Agnes sanathe kudziwa ngati akunena zoona. Nkhope ya Safeli inali ya munthu wotopa chabe. Komabe Agnes anamuuza kuti achotse zonse, mawindo onse awiri, ndipo anaimirira pomwepo mpaka kachidutswa komaliza katatuluka. Kenako analowa m'nyumba, anatenga makushoni awiri a pampando umene anabwera nawo kuchokera ku Ntcheu, n'kuwadula yekha ndi mpeni wosendera mbatata. Siponji ya Loveness anakaitentha kudzala.

Ntchito ya tsiku limodzi inatenga masiku awiri. Safeli sanalankhulenso zambiri. Anamata bwino, ngodya zili zowongoka, ndipo pansi pa windo lililonse kunja anapendeketsa simenti kuti madzi a mvula azitsetsereka. Agnes anayendetsa dzanja m'mbali mwa felemu ya kuchipinda, ndipo sanamve mphepo.

Safeli atamaliza, Agnes anamuphikira tiyi wamkaka n'kumuikira pakhonde ndi nthochi zowotcha. Safeli anasamba m'manja, anayang'ana kapuyo, kenako anayang'ana Agnes.

"Yewo, mama. Ndadya kale kunyumba."

Anamanga chikwama panjinga n'kutsika nayo mtunda akuikankha. Dickson atabwera Loweruka anayamikira mawindo, n'kufunsa za makushoni. Agnes anangoti anali atatha kale.